Tambala wa pa Injini ya Ababa

Ndikukumbukira bwinobwino, ndipo wina asadzandiuze kuti ndinali mwana sindinkadziwa kanthu. Ndinali Sitandade 4, mutu wanga ukugwira ntchito kuposa mmene ukugwirira lero. Kwathu ndi kumunsi kwa Likhubula, kumene madzi akatsika m'phiri muja amafika akadali ozizira moti ukamwa mano amachita dzanzi. Dimba lathu linali m'mbali mwa kamtsinje kothira mu Likhubula momwemo. Dothi lake lakuda, lonona, koma linali pamtunda, moti kukweza madzi ndi kheni msana umathyoka. Anthu ena onse ankathirira ndi makheni ndi zidebe. Ife tinali ndi injini.

Injiniyo ababa anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anzawo ankabwera ndi mawailesi, ena majasi, ena matenda. Ababa anabwera ndi injini yopopa madzi, yobiriwira, ya petulo, yoliza pokoka chingwe, koma zala za dzanja lamanja anazisiya komweko pansi pa mgodi. Kunangotsala chachikulu ndi kakang'ono kakumapeto. Ankaseka okha n'kumati injini ija anagula ndi zala, chenji sanapatsidwe. Ndiye poti sipanala sinkagwirika ndi dzanja limenelo, manja a ababa ndinali ine. Iwo ankakhala pa chitsa n'kumaloza ndi kachala kaja, ine n'kumamasula. Pulagi ndinaidziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa loti Dayitoni.

Pansi pa thanki ya injiniyo panali kampopi kamkuwa kotsegulira ndi kutsekera petulo, kogwirira kake kooneka ngati lipombo. Azungu a ku mgodi ankakatchula ndi dzina la nkhuku yaimuna m'chizungu chawocho, ndiye ababa ndi anzawo anangotembenuza n'kumati tambala. Pakhomo pathu dzina lake linali lomwelo, lina sitinkalidziwa. Kutsegula petulo tinkati kumudzutsa tambala. Kutseka tinkati kumupotokola khosi. Ngakhale amayi, amene injiniyo ankaiopa ngati njoka, ankafuula ali patali kuti, "Mwamupotokola koma tambalayo?" Palibe amene ankaganizapo kanthu. Koma inu amene munalipo mukudziwa kuti masiku amenewo kunali tambala winanso, wa pa nsalu za amayi athu, wa pa mabaji ndi pa makhadi, amene usanamutchule unkayenera kuyamba wacheuka.

Injini yathu inkagwira ntchito chilimwe chokha. Mvula ikayamba, ababa anali ndi lamulo lawo losasintha. Ankakhuthula thanki, n'kuiliza mpaka izime yokha ndi ludzu, n'kudonthezera oyilo pabowo la pulagi, kenako tinkaikulunga m'chiguduli n'kukaisunga m'kanyumba ka makasu mpaka dzinja lithe. Koma chaka chimenecho petulo ankasowa chifukwa cha nkhondo ya kutsidya kwa malire. Ababa anachita kukagona m'mizere ku boma kuti apeze wa m'kachigubu. Ndiye itafika nthawi yosunga, anayang'ana m'thanki, anaona muli petulo wambiri ndithu, n'kunena kuti kuwotcha ameneyu pachabe ndi tchimo, ndipo palibe chigubu chotseka bwino kuposa thanki. Ndinamupotokola tambala khosi, tinafunditsa chiguduli, tinatseka chitseko. Mvula ya kuno mukuidziwa. Makoma amatuluka thukuta, nsapato zimamera nguwi. Injini inakhala mmenemo miyezi yonseyo ili ndi petulo m'mimba.

Tsono mumve chimene chinali pa injini imeneyi kwa ine. Kasukulu ka m'mudzi mwathu kankathera Sitandade 4. Ukafuna kupitirira unkayenera kupita ku sukulu ya ku Mishoni, ndipo kumeneko sankalandira munthu wopanda yunifolomu ndi fizi. Akulu anga onse anathera pomwepo n'kukalowa m'minda ya tiyi. Ine aphunzitsi anachita kubwera okha kunyumba kudzauza ababa kuti mwana uyu musamuwononge. Ababa anamva. Anandiitana kudimba n'kunena kuti, "Mwanaka, kabichi wa chaka chino ndi wako. Akapanga mitu, masukulu akamatsegula iwe uli ku Mishoni." Ndipo sanalime monga mwa masiku onse. Anatsegula mpaka kumtunda kumene sitinkafikako, mabedi osati oti munthu n'kuthirira ndi kheni. Tinawokera nthawi ya chiperoni, kamvula kowaza kaja kakutithiririra kwaulere. Kenako chiperoni chinangoleka mwadzidzidzi, phiri linayera mbee, kunabwera mphepo youma. Masamba a kabichi anayamba kugwa makutu. Ababa anati Loweruka tikaitulutse.

Titangotsegula chitseko cha kanyumba kaja, fungo linatiuza kale kuti zinthu sizili bwino. Petulo wabwino amaluma m'mphuno n'kuthawa. Uyu ankanunkha ngati penti yakale, fungo lolemera lokakamira kukhosi. Chiguduli chinali chonyowa pansi pake. Tinaipachika pa mtengo, ababa kutsogolo ine kumbuyo, mtengo ukundidya phewa, mpaka kudimba. Ababa atasuzumira m'thanki anangoti, "Ii." Petulo uja ankamusunga ngati mankhwala anali atatsika kwambiri.

Ndinamudzutsa tambala, ndinakulunga chingwe, ndinakoka. Inangoti bhu, bhu, n'kukhala chete. Ndinakokanso. Ndinakoka mpaka chikhatho kutuluka matuza. Kenako ndinaona petulo akutuluka pakamwa pa kabuleta, akuyenderera pa chitsulo, akudontha pansi n'kumapanga timizere tamitundumitundu pa madzi a m'ngalande.

"Leka, leka," anatero ababa. "Yatsamwa. Ukamakoka ukungoimwetsa."

Kwa amene simunatsegulepo kabuleta, mulibe zamatsenga ayi. Pansi pake pali kambale kamene petulo amafikira. M'kambalemo muli fuloti, kachitini kamkuwa kopanda kanthu m'kati, koyandama. Petulo akadzaza, fuloti imakwera n'kukankha singano, kachitsulo kosongoka kochepa ngati njere ya mpunga, ndipo singanoyo imatseka kabowo kolowera petulo. Basi. Koma petulo akagona mmenemo miyezi amauma n'kusiya utomoni, singano imamatirira osatseka, petulo amangolowa osaleka mpaka injini kukhuta, pulagi kunyowa, moto osagwira. Zili ngati munthu womugwira mphuno n'kumamuthira madzi kukamwa. Sangayankhule.

Ndinamasula pulagi. Inali yakuda, yonyowa chonchi ngati yagwera m'chithaphwi. Ababa anakoleza timaudzu patali n'kuiwamba, atagwira ndi pulayala kumanzere. Anati, "Tseka petulo, utsitse kambaleko. Ine ndikaike payipi m'madzi." Anatsetsereka kumtsinje atanyamula payipi paphewa. Ine ndinatseka, ndinagona chammbali pa dothi, ndinamasula kambale. M'kati munali utomoni wofiirira ngati manyuchi. Ndinasolola kawaya kogwira fuloti, ndinachotsa fuloti, ndipo singano ndinachita kuikoka ndi zikhadabo mmene inamatirira. Ndinaikulunga m'tsamba la nthochi n'kuika m'thumba la kabudula, chifukwa ababa ankati ikagwera m'dothi sudzaipeza ngakhale ku Limbe. Ndili chigonere choncho, dontho linandigwera pa tsaya. Kenako lina. Ndinayang'ana. Petulo ndatseka, koma akudonthabe. Ndinapotokola mwamphamvu, akudonthabe. Pamenepo ndinazindikira kumene petulo wa ababa anapita dzinja lonse. Kampopi kaja kanali katatha m'kati, sikankatseka. Ndinasangalala, anthu inu. Ndinapeza ndekha vuto limene ababa anali asanalione.

Sindinadziwe kuti kuseri kwa nthochi, m'kanjira ka pamwamba pa dimba, munali anthu.

Mmodzi anali Jailosi. Jailosi anali mnyamata wa pakhomo loyandikana ndi lathu, wokulira m'manja mwa amayi, wodya nthochi zathu ndi kalongonda wathu. Iye ankawatchula ababa kuti malume. Ine ndisanakhwime mapewa, amene ankanyamula injini ija ndi ababa anali iyeyo, ndipo ndi kamwa yake yomweyo ankafunsa kuti, "Malume, ndimupotokole?" Chaka chimenecho anali atalandira malaya ofiira a achinyamata a chipani, ndipo kuyenda kwake kunasintha. Tsiku limenelo anali ndi anzake awiri achilendo ochokera ku boma, akuyenda m'makomo kuona makhadi ndi kusonkhetsa mazira a mphatso.

Ine ndinadzuka n'kufuula ndi mawu onse kuti ababa amve kumtsinje kuja.

"Ababa! Ndapeza! Vuto ndi tambalayu! Wakalamba, watha ntchito! Akungotayitsa zinthu! Timuchotse tiike wina!"

Ndipo ababa, ali m'madzi mpaka m'mawondo, anayankha akuseka.

"Nkhalamba imeneyo yatidyera zambiri! Tamupotokola khosi mwamphamvu tione!"

Nthochi zinagwedezeka. Anatsika atatu, dengu la mazira lili m'manja mwa Jailosi. Wamtali mwa alendo aja, wa chipsera pamlomo, ndiye anayamba.

"Tabwerezani. Ndani wakalamba?"

Ababa anakwera kuchokera kumtsinje madzi akuchucha m'miyendo, nkhope itasintha kale. Anavula chipewa. Munthu wa imvi kuvulira chipewa ana.

"Pepani mabwana, ndi kampopi aka. Aka, taonani. Timangokatchula choncho kuyambira ku Joni."

"Kampopi kali ndi khosi?"

"Ndi kayankhulidwe chabe, bwana. Jailosi akudziwa. Jailosi mwana wanga, tawauza anzakowa."

Mpaka lero ndikatseka maso ndimamuona. Anayang'ana injini. Anayang'ana mabedi a kabichi aja kuyambira kumunsi mpaka kumtunda. Anasamutsa dengu kuchoka dzanja lina kupita lina. Kenako anati, "Ine zimenezo sindinamvepo. Ndipo usanditchule mwana wako, iwe."

Iwe. Kwa ababa.

Wachipsera uja anati, "Ndi mmene mulili anthu obwera a kutsidya kwa malire inu. Dziko lakulandirani, mukudya, mukukhuta, kenako muziphunzitsa ana kutukwana." Khofi loyamba linagwera ababa pa khutu lamanzere, ndipo linamveka ngati thabwa lagwa pa lole. Anagwa m'ngalande. Anawadzutsa, anawauza kuti adumphe ngati chule kuzungulira injini akuimba nyimbo ya chipani. Ababa ankadumpha, dzanja lopanda zala lija lili m'mwamba, matope ali kumaso. Ine nditathamangira kuti ndiwagwire, wachitatu anandiponda pamimba ndi jombo, ndinakagwera pa bedi la kabichi. Akazi amene ankachapa kumtsinje anatola zovala zawo zosatha kuchapa n'kumapita osacheuka. Sindikuwada. Ndikanakhala iwo ndikanathawanso.

Anawamanga ababa ndi chingwe cholizira injini chomwecho. Injini anati ndi umboni. Jailosi anatola kambale ndi fuloti n'kuponya m'dengu la mazira, anapachika injini pa mtengo wathu, ndipo iye ndi mnzake anainyamula. Ankadziwa bwino pogwira. Anapita nawo kwa a tcheyamani a chipani a dera lathu, ndipo dzuwa lisanapendeke galimoto inabwera kudzawatenga ababa kupita nawo ku boma. Amayi atapita kukafunsa anauzidwa kuti akafunsanso akagona komweko.

Tinatsala ndi makheni. Amayi, mlongo wanga Esinati ndi ine. Tinkayamba kusanatenthe, kutsika, kutunga, kukwera, kuthira, kutsikanso. Dothi linkamwa madzi ngati sitinathire kanthu. Ukafika kumapeto kwa bedi, koyambirira kwauma kale. Mapewa anga anasupuka, Esinati anayamba kutsokomola. Abale amene ankabwera kudzapempha kabichi chaka ndi chaka sanaonekenso, ngakhale kudutsa pakhomo ankalambalala, poti nyumba yathu inali yotukwana boma. Tinayamba tasiya mabedi a kumtunda kuti afe, tipulumutse a pakati ndi a kumunsi. Amayi ankati amenewa akapanga mitu, ku Mishoni upitabe. Ndinkawakhulupirira chifukwa ndinalibe china choti ndikhulupirire.

Singano ija ndinaipeza m'thumba tsiku lotsatira, ili m'tsamba lake. Ndinaibisa m'chibowo cha nsungwi ya denga. Ndipo ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene chinkandipatsa mphamvu pokweza kheni: popanda kanthu kameneka, injini ija sidzalira kwa munthu aliyense. Mbiri inkatipeza. Ankati kwa a tcheyamani anyamata akoka chingwe mpaka kuchidula. Ankati petulo akungotayika ngati mkodzo wa ng'ombe. Ankati anaitana wokonza njinga zamoto wa pa msika wa Chinakanaka, iye n'kuwauza kuti mukusowa kachitsulo, ndipo ka mtundu umenewu kuno kulibe. Umboni umenewo, umboni wa boma, anali akuukoka chingwe kudimba kwa a tcheyamani.

Ndiye m'mawa wina Jailosi anabwera. Sanavale malaya ofiira. Anaima pabwalo n'kuodira mwaulemu ngati munthu.

"Azakhali, mwadzuka bwanji?"

Amayi sanamupatse mpando.

"A tcheyamani akuti mwanayu akathandize injini ija. Akuti ikalira, muzibwereka, muthirire kabichi wanuyu. Akumva chisoni nanu. Ndipo akuti za malume akhoza kukayankhulako kwa akuluakulu."

Tsopano anali malume.

Atachoka, ndinawauza amayi kuti sindipita, ndipo singanoyo ndikaiponya pa dziwe. Amayi anandigwira dzanja n'kupita nane kudimba. Anangondiimika pakati pa mabedi. Kabichi anali atayamba kupinda timasamba ta m'kati, kufuna kupanga mitu, koma akunja anali atachita chikasu, ofota ngati makutu a galu wodwala. Ankafuna madzi ambiri sabata yomweyo, osati mwezi wamawa. Amayi anati, "Ukaiponya pa dziwe, wapha injini, wapha kabichi, ndipo abambo ako sindikudziwa. Ukapita nayo, mwina." Mwina ameneyo ndi amene anandinyamula.

Dimba la a tcheyamani linali kutsidya kwa msewu, lalikulu, la tomato ndi anyezi. Injini ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango, itadetsedwa, mabawuti ataphwanyidwa mitu ndi pulayala. Fuloti anaiika chadodolido. Oyilo wa m'kati ankanunkha petulo yekhayekha, wopyapyala ngati tiyi. Ndinagwira ntchito monga anandiphunzitsira ababa, koma pa chitsa panalibe munthu woloza. Ndinakhuthula petulo wovunda uja ndi oyilo yemwe. Ndinatsuka kambale ndi petulo watsopano, amene kwa a tcheyamani sankasowa, anali m'madiramu. Utomoni wa pakabowo ka singano ndinaukolopola ndi kamtengo ka nsungwi kosongola, osati waya, chifukwa waya amakuza bowo. Timabowo tina ndinauzira ndi pakamwa mpaka milomo kuchita dzanzi, petulo kuwawa lilime. Fuloti ndinaigwedeza pa khutu kumva ngati yalowa petulo. Inali bwino. Ndinatulutsa singano m'tsamba, ndinaipukuta ndi malaya anga, ndinaiika pamalo pake. Kampopi ndinakamasula, ndinapeza kachikopa ka m'kati katauma n'kusweka. Ndinapempha nsapato yakutha, ndinadula lilime lake, ndinasema kachikopa kena n'kuikamo.

A tcheyamani anali atakhala pa mpando wa ndalema, mimba ili pa mawondo, akusenda nanazi. Jailosi anali ataima kumbuyo kwawo. Ndili pakati pomanga kampopi kaja, a tcheyamani analoza ndi mpeni.

"Mwana iwe, kameneko dzina lake n'chiyani?"

Jailosi ankamwetulira.

"Sindikudziwa, bwana."

"Sukudziwa? Abambo ako sanakuphunzitse?"

"Sanandiphunzitse, bwana."

Anaseka mpaka kutsokomola, madzi a nanazi akutsika pa chibwano. "Waona? Wayamba kuchenjera. Sukulu yake ndi imeneyi."

Ndinakoka chingwe chawo chatsopano kangapo pulagi ndisanaike, kuti petulo wotsalira atuluke. Ndinaika pulagi youma. Ndinatsegula petulo, ndinadikira, ndinayang'ana pansi pa kabuleta. Pouma. Ndinakoka kamodzi, inatsokomola utsi wakuda. Kachiwiri inagwira. Inalira mmene inkalirira kwathu, phokoso lomwe lija lokhala ngati ikuseka, payipi inanjenjemera, madzi anatumphuka n'kuyamba kuthamanga m'mizere ya tomato. Anyamata anaimba m'manja. Ine ndinaima pamenepo manja ali bii, ndikuyang'ana madzi a injini ya ababa akulowa m'dothi la munthu wina, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti kamtima kanga kanasangalala kuti yalira.

Ndinafunsa kuti tidzaitenge liti. A tcheyamani anati amalize kaye tomato, ndibwere Lachitatu. Lachitatu anati anyezi, ndibwere Loweruka. Loweruka ndinapeza atapita ku msonkhano. Amayi anapita okha, anagwada pabwalo, ananyamulako nkhuku yathu yomaliza. Nkhuku analandira. Anawauza kuti katundu wa umboni sabwerekedwa, limenelo ndi lamulo, ndipo amene anawauza kuti n'zotheka anawanamiza. Jailosi anali pomwepo akusenda nzimbe. Mphepo ikamachokera kutsidya kwa msewu, tinkaimva injini ija tili m'dimba mwathu makheni ali m'manja.

Kabichi anafa pang'onopang'ono. Amene sanafe anapanga timitu ngati nkhonya ya mwana, tolimba, towawa, todzaza nsabwe. Amayi anatenga dengu limodzi kupita nalo pa Chinakanaka, anabwera nalo theka, lotsalalo tinapatsa mbuzi za eni. Tsiku lotsegulira sukulu ndinakwera mu mtengo wa mapeyala wa kuseri kwa nyumba n'kumaona anzanga akudutsa mumsewu, malaya atsopano ali ndi mizere ya simbi, mapazi opaka mafuta. Wina amene ndinkamuuza masamu m'kalasi anandiona n'kundikwezera dzanja. Sindinatsike mpaka onse atatha.

Ababa anabwera mvula itayamba kale. Anangotulukira pabwalo masana, ataonda, mutu wometedwa, khutu lamanzere losamva. Mlandu sanazengedwe, pepani sanauzidwe. Za kumene anali sananenepo mpaka kumwalira kwawo. Anapita kudimba, anaona zitsa za kabichi zili m'udzu, anabwerera n'kukhala pakhonde. Nditawafotokozera za singano, anangofunsa kuti, "Bowo sunalikuze?" Ndinati ayi. Anagwedeza mutu. Za injini sanakambenso, za ku Mishoni sanakambenso. Mwezi womwewo ndinalembedwa ntchito yozula udzu m'munda wa tiyi, chiguduli kumutu, misundu m'miyendo, kapitawo akutukwana mayi ako ngati akuwadziwa.

Lero ndimakonza njinga zamoto za kabaza pa Chinakanaka, pansi pa kashedi ka malata. Zinthu zinasintha, sindikukana. Anyamata amabwera ndi njinga zawo, amakhala pa benchi panga n'kumatukwana atsogoleri ndi mayina awo, mokweza, wina akujambula pa foni, ndipo palibe amene amacheuka. Mapampu adzaza m'masitolo, ena oyendera dzuwa, opanda ngakhale kabuleta. Ana amapita ku pulayimale osalipira. Zonsezo n'zabwino. Koma anthu a msinkhu wathu ayamba kayankhulidwe kena kamene kamandinyansa. Akuti kale kunali mwambo. Akuti kale kunalibe akuba. Akuba analipo, ndinawaona ndi maso anga, anali ndi madiramu a petulo ndi mipando ya ndalema. Ndipo ena akuti zinali za nthawi imeneyo, munthu ankangotsatira. Nthawi siinaime m'dimba mwathu itanyamula dengu la mazira. Anaima ndi munthu, wodziwa bwino lomwe chimene mwana ankatanthauza.

Jailosi alipo. Ndi mkulu wa mpingo, amavala jekete, amayenda ndi ndodo, ana ake anaphunzira, wina ali ku Lilongwe. Mwezi wathawu tinakumana pa maliro kumudzi kwathu. Amuna tinakhala pansi pa mtengo tikudikira kuti adzukulu amalize kumanda. Anabwera n'kukhala pafupi nane, anandigwira bondo ngati m'bale, n'kuuza anthu amene anali pamenepo kuti, "Awa a Dayitoni anali mwana wanzeru zoopsa, mutu wakuthwa. Koma achimwene, paja chinachitika n'chiyani kuti musapitirize sukulu?"

Ndinachotsa dzanja lake pa bondo langa. Ndinaimirira. Ndinamuuza zonse, pamaliro pomwepo, kuyambira dengu la mazira mpaka nzimbe imene ankasenda amayi atagwada. Mawu anga anakwera moti azimayi a kwaya analeka kuimba. Akazi anga anabwera kudzandikoka malaya, abusa anatuluka m'nyumba ya siwa. Jailosi anangoyang'ana pansi, akujambula dothi ndi ndodo yake, kenako anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Aaa, achimwene, zakalekale zimenezo mukuzisungabe?"

Anthu akuti ndinachita mwano pamaliro, ndikapepese. Sindipita. Kwa iye ndi zakalekale. Ine ndi imvi zangazi, ndi zidzukulu zangazi, ndikadali Sitandade 4.